Kodi "ndingathe" amatsitsadi shuga? Za odwala shuga a ku China

Nachisale, Changsha:
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi funso, makamaka kwa inu amene mwakhalitsa kuno kapena munaphunzirapo m'zipatala za kuno. Sabata yamawa ndikayankhula m'kalasi za anthu akuluakulu odwala shuga ku China kuno. Mapepala onse amene aphunzitsi atipatsa akunena chimodzimodzi: wodwala amene mumtima mwake amati "ine ndingathe" ndi amene amasamaladi kadyedwe, amayenda, sadumphitsa mankhwala, amayeza shuga, amayang'ana mapazi. Amene sadzikhulupirira amangolekerera. Ineyo zikundivuta kuvomereza. Zikumveka ngati tikuuza agogo kuti shuga wanu wakwera chifukwa ndinu ofooka mtima. Inu mukuziona bwanji?

Chimwemwe, Harbin:
Achemwali, mwachita bwino kukayikira. Kafukufuku wambiri wa mtundu umenewo amachitika tsiku limodzi. Wodwala amapatsidwa pepala loyamba: mukudzikhulupirira bwanji kuti mungasankhe chakudya choyenera mukakhala pa ulendo, chongani kuyambira 0 mpaka 10. Kenako lachiwiri: pa masiku 7 apitawa, ndi masiku angati amene munadya moyenera. Munthu yemweyo, cholembera chomwecho, pabenchi pomwepo. Mayankho angalephere bwanji kugwirizana? Ndiye chinayamba n'chiti? Mwina amene zikumuyendera kale ndi amene akunena kuti angathe.

A Phiri, Guangzhou:
Kkkk ana asukulu mwayambapo. Ine wodwala shuga weniweni ndikhale kaye chete ndimvetsere mmene mukundikambira.

Dokotala Mbewe, Lilongwe:
Nachisale, funso lako ndi labwino, koma tiyambe taona kukula kwa vutoli, chifukwa n'kumene kukupangitsa anzathuwo kulimbikira nkhani ya kudzisamalira. Mu 1980 kafukufuku wa dziko lonse anapeza kuti odwala shuga sankafika ngakhale munthu mmodzi pa 100 alionse. Wa 2007 mpaka 2008 anapeza 9.7 pa 100. Wa 2018 anapeza 12.4. International Diabetes Federation inati mu 2021 akuluakulu odwala shuga ku China anali pafupifupi 141 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse. Tsono chondiopsa ine si chiwerengerocho ayi. Mu kafukufuku wa 2018 uja, odwala amene ankadziwa kuti akudwala anali pafupifupi 37 pa 100, olandira chithandizo pafupifupi 33, ndipo mwa olandira chithandizowo theka lokha ndi limene shuga wawo anali pabwino.

Anthu ochuluka chonchi palibe dokotala angawaperekeze kukhitchini. Nthawi imene ndinkaphunzira kumeneko, m'chipatala chachikulu wodwala ankadikira m'mawa wonse kuti aonane ndi dokotala kwa mphindi zochepa. Akatuluka pakhomo, matenda onse ali m'manja mwake mpaka miyezi ina.

Za "kufooka mtima" zija, si zimene katswiri wa za maganizo a anthu Albert Bandura ankanena pamene analemba za nkhaniyi mu 1977. Sankanena za kulimba mtima kobadwa nako. Ankanena za chikhulupiriro choti ntchito yakutiyakuti ndingaichite, ndipo anati gwero lake lalikulu ndi kuichita n'kuona kuti yatheka. Kuona mnzako wofanana nawe akuichita kumathandizanso. Mawu olimbikitsa amabwera pambuyo pa zimenezi. Ndiye ngati agogo sakudzikhulupirira, funso si lakuti mtima wawo uli bwanji. Funso n'lakuti ife tinawapatsako mpata woti aone chinthu chimodzi chikutheka m'manja mwawo?

Chimwemwe, Harbin:
A Dokotala, pamenepo mwandithandiza ineyo osati mapepala aja. Mwavomereza kuti kuchita ndi kumene kumayamba.

Dokotala Mbewe, Lilongwe:
Kumayamba, kenako chikhulupiriro chimabweza ngongole. Wachita kamodzi, wakhulupirira, wachitanso tsiku limene kunali kovuta. Zimakokana.

Mayi a Tadala, Jinan:
Pepani ndalowa mochedwa, ndimagoneka mwana. Ine sukulu ya zachipatala sindinapiteko, koma ndimakhala nyumba imodzi ndi apongozi anga aakazi amene akudwala shuga, ndiye ndikuuzeni zimene ndimaona.

Mayiwa anabadwa m'zaka za m'ma 1950. Njala ya 1959 mpaka 1961 anaiona ali mwana, ndipo mpaka lero mbale ikatsala ndi chakudya mtima umawapweteka. Kadzutsa wawo kuyambira kale ndi phala la mpunga kapena la mapira, lophikidwa mpaka kusungunukiratu, ndi mantou, buledi woyera wophika ndi nthunzi uja amene anthu akumpoto kuno amadya tsiku lililonse. Kwa iwo phala ndi chakudya cha munthu wodwala, chofewa, chosavuta m'mimba. Ndiye adokotala atawauza kuti phalalo ndi limene likukweza shuga msanga, anangoti inde inde, kufika kunyumba n'kuteleka mphika womwewo. Mwana wawo, bambo a Tadala, ankawakalipira. Iwo ankangoti, "Ndakalamba ine, zimenezi sindingazithe." Mawu amenewa ndinawamva kambirimbiri.

Chinasintha zinthu ndi namwino wina wa pachipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Sanawaletse kanthu. Anangoti: mawa idyani phala lanu monga mwa masiku onse, pakatha maola awiri muyeze, mulembe. Mkuja muyambe ndi masamba ndi dzira, mantou mudye theka, phala mulisiye, muyezenso. Tsiku loyamba kamakina koyezera shuga kanaonetsa 13 ndi kadontho. Lachiwiri sikanafike 9. Mayi aja anakhala phee akuyang'ana kamakinako, kenako anakatenga kope la mdzukulu wawo n'kuyamba kulemba. Pano amayesa okha zakudya. Anapeza okha kuti akayenda pang'ono akangodya madzulo, nambala imatsika. Palibe anawauza kuti limbani mtima.

Nachisale, Changsha:
Mayi a Tadala, zikomo kwambiri. Zoyamba ndi masamba n'kumalizira mpunga kapena mantou zilimonso m'malangizo a kadyedwe a odwala shuga kuno, koma m'kalasi timangoziloweza. Sindinaganizepo zoti munthu angaziyese yekha ngati mmene mwafotokozeramu.

Chimwemwe, Harbin:
Nkhani yokoma, koma timapepala toika m'kamakina poyeza shuga anagula ndani?

Mayi a Tadala, Jinan:
Mwana wawo, kumene.

Chimwemwe, Harbin:
Eya, ndi pamene ndimafuna tifike. Kuyambira 2009 boma linaika shuga pa mndandanda wa chithandizo chaulere cha m'madera: wodwala wolembetsedwa amayenera kuonedwa maso ndi maso kanayi pa chaka ndi kuyezedwa shuga wa m'mawa asanadye kanayi, osalipira. N'zabwino. Koma kanayi pa chaka sikangakuphunzitse zimene phala limachita m'thupi mwako. Kuti uyeze kunyumba, m'madera ambiri timapepalato umagula ndi ndalama za m'thumba. Mlimi wokalamba wa ku Gansu kapena ku Guizhou, ana ake ali ku fakitale ku Dongguan, iye watsala ndi adzukulu, angayese kangati? Akalemba pa pepala kuti sakudzikhulupirira, sakunama ndipo si wofooka. Akunena zoona za m'thumba mwake. Ofufuza akazitcha "kusadzidalira" ndiye kuti umphawi aupatsa dzina lina.

Dokotala Mbewe, Lilongwe:
Apo sindikutsutsa. Ndingowonjezera kuti mbali ya mankhwala boma linayesetsa: chakumapeto kwa 2021 linagula insulin, mankhwala obaya a shuga, mwa chipiku m'dziko lonse ndipo mitengo inatsika pafupifupi ndi theka. Koma taonani, insulin watsika mtengo, anthu ambiri akumukanabe. Chikhulupiriro chofala kumeneko n'chakuti ukayamba kubaya ndiye kuti wazolowera ngati chamba, sudzasiyanso, kapena kuti matenda afika kumapeto. Ena amaopa singano basi. Ndalama sizichotsa mantha amenewo. Amachoka namwino akamugwira dzanja wodwala n'kubaya koyamba ali limodzi, kapena akaona mnzake wa msinkhu wake akudzibaya pamimba uku akucheza.

A Phiri, Guangzhou:
Tsopano ndilankhuleko ine mwini matenda. Nonsenu mukukamba za agogo ndi phala. Mwaiwala amuna a zaka 40 kapena 50 amene ndimachita nawo malonda. Kuno nkhani ya katundu simathera mu ofesi, imathera pa tebulo lozungulira lija, mbale zikungobwera, mowa waukali wa baijiu ukuthiridwa m'timakapu. Mwini fakitale akaimirira n'kukweza kapu kwa iwe, kukana kuli ngati wamutukwana pamaso pa antchito ake. Fodya nayenso amaperekedwa ngati moni.

Pali mnzanga wina, mwini shopu ya zipangizo zamagetsi, amene ndakhala naye pa matebulo otere kwa zaka. Tsiku lina ndinamupeza kubafa akumeza mapiritsi mobisa. Anali acarbose, mankhwala a shuga amene amayenera kumwedwa ndi chakudya choyamba kulowa m'kamwa. Iye ankachita manyazi kumwa pagulu, ndiye ankamwa chakudya chitatha kale, nthawi zina osamwa n'komwe chifukwa amadzaza mpweya m'mimba. Munthu ameneyu za shuga amazidziwa kuposa ine. Ndalama ali nazo. Kunyumba amadya bwinobwino, mkazi wake amamuyezera mpunga. Koma pa tebulo la malonda alibe mphamvu. Mukamupatsa pepala lanu lija alemba 9 pa zonse, chifukwa amalemba ali kuchipatala, osati bwana wa fakitale ataimirira ndi kapu.

Ine ndinapeza njira yanga. Ndisanakhale pansi ndimauza mwini phwando poyera kuti adokotala anandiletsa, ndili ndi shuga, ndikweza kapu ya tiyi. Amavomera, ena mpaka amandiitanitsira masamba ambiri. Koma ine ndine mlendo, amandikhululukira msanga. Mnzangayo akuti akanena choncho anthu ayamba kunong'ona kuti thanzi lake latha, asamupatse oda yaikulu.

Nachisale, Changsha:
A Phiri, ndiye kuti munthu mmodzi akhoza kudzidalira kukhitchini n'kukhala wopanda chochita kuphwando.

A Phiri, Guangzhou:
Ndi zimenezo mwana wanga. Ndipo phwando ndi limene limapha.

Amalume Gondwe, Beijing:
Nkhani ikukoma, pitirizani. Ndingokumbutsa monga woyang'anira gulu kuti pano sitilemberana mankhwala. Amene ali ndi vuto apite kuchipatala. Komanso amene mwatumiza zithunzi za nsapato zogulitsa pakati pa zokambiranazi, ndazichotsa, tsiku la malonda ndi Loweruka.

Chimwemwe, Harbin:
Kkkk amalume sagona.

Ndibwerere kwa a Dokotala. Ine ndimakhala m'chigawo cha Heilongjiang, ndipo umboni umene ndimaulemekeza unachokera konkuno, mumzinda wa mafuta wa Daqing. Mu 1986 Pan Xiaoren ndi anzake anatenga anthu 577 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda, m'zipatala zing'onozing'ono 33. Zipatala zina zinkaphunzitsa za kadyedwe, zina zolimbitsa thupi, zina zonse ziwiri, zina zinkangopereka uphungu wamba. Patatha zaka 6, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 31 pa 100 kwa a kadyedwe, 46 kwa olimbitsa thupi, 42 kwa a zonse ziwiri. Anawatsatirabe kwa zaka 30, ndipo anapeza kuti matendawa anachedwa kubwera ndi zaka pafupifupi 4, matenda a mtima anachepa, ndipo anthu anakhala ndi moyo wotalikirapo. Uwu ndiye umboni. Palibe anafunsidwa kuti mumtima mukumva bwanji. Anawerenga odwala ndi omwalira.

Dokotala Mbewe, Lilongwe:
Daqing ndi kafukufuku wamkulu, ndipo anachitika ena ofanana naye a ku Finland ndi ku America asanatuluke. Koma taonetsetsa zimene ankachita ndi anthuwo. Sanawapatse kapepala n'kuwauza kuti tidzaonane pakatha zaka 6. Ankakumana nawo m'timagulu, pafupipafupi poyamba, kenako mwa apo ndi apo. Zolimbitsa thupi sanawauze zoti akalembetse ku jimu: anawerengera zinthu zimene munthu amachita kale, monga kuyenda, kukwera masitepe, kupalasa njinga, n'kumuuza kuti awonjezere pang'ono. Kumeneko n'kumanga chikhulupiriro, kaya anachiyeza kaya sanachiyeze.

Ndipo ngati ukufuna kumene anachiyeza mwa dongosolo, pita ku Shanghai. Ofufuza a ku Fudan University anatenga ndondomeko ya Kate Lorig ya ku Stanford, yophunzitsa odwala matenda okhalitsa kudzisamalira, n'kuisintha kuti igwirizane ndi anthu a kumeneko. Anthu 954 analowa, ena a shuga, ena a BP, ena a nyamakazi ndi matenda ena. Ena anayamba maphunziro, ena anadikira, mwa maere. Otsogolera magulu sanali madokotala koma anthu wamba ophunzitsidwa. Sabata iliyonse munthu ankalonjeza kanthu kakang'ono kamene akuona kuti angakathe, sabata yotsatira n'kudzauza anzake mmene zayendera. Zotsatira zinatuluka mu 2003: patatha miyezi 6 amene anaphunzira ankalimbitsa thupi kwambiri, ankadzikhulupirira kwambiri, ndipo ankagonekedwa m'chipatala mocheperapo.

Chimwemwe, Harbin:
Ameneyo ndamulandira, ngakhale zambiri mmenemo anthu ankanena okha. Koma maere analipo, ndiye sindikangana.

Nabanda, Chengdu:
Ndakhala ndikungowerenga. Ndifunseko mbali ina: kodi kudzidalira sikungapitirire muyezo? Kuno ndimachita maphunziro a zamankhwala, ndipo odwala amene amandiopsa si amantha aja ayi. Ndi amene amabwera atatsimikiza kuti matenda awo akuwadziwa bwino. Wawerenga pa WeChat, WhatsApp ya kuno, kuti mankhwala achizungu amawononga impso, wasiya mapiritsi a shuga a metformin, wagula tiyi wina wake. Kapena akumwa mapiritsi a Xiaoke poganiza kuti ndi zitsamba zokhazokha, pomwe muli glibenclamide, mankhwala achizungu otsitsa shuga, mapiritsi 10 ali ndi mamiligalamu 2.5. Zalembedwa pa paketi, koma ndani amawerenga? Munthu wokalamba akawonjezera yekha mlingo, kapena akamwa osadya, shuga amagwa pansi pa 3.9, thukuta, kunjenjemera, ena kukomoka kumene. Ameneyo pa pepala la a Chimwemwe alemba 10.

Dokotala Mbewe, Lilongwe:
Zoona Nabanda. N'chifukwa chake Xiang Hongding wa ku Peking Union Medical College Hospital, pophunzitsa anthu wamba, ankati chithandizo cha matendawa chili ngati ngolo yokokedwa ndi akavalo asanu: maphunziro, kadyedwe, kulimbitsa thupi, mankhwala, ndi kuyeza. Wodwala aliyense wa kumeneko amene anapitako ku kalasi ya shuga anazimvapo. Kuyeza kuli mmenemo kuti chikhulupiriro chizikumana ndi nambala. Wa tiyi uja akanayeza m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi akanadzionera yekha. Malangizo a ku China amati shuga wa m'mawa akhale pakati pa 4.4 ndi 7.0, wa nthawi zina asapitirire 10, HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi itatu yapitayo, ikhale pansi pa 7 kwa ambiri. Munthu amene akudzidalira koma manambalawa sakuwadziwa, ameneyo akungodzinamiza.

Ndiwonjezere chimodzi chimene chimasokoneza ambiri: anthu a kumeneko amadwala shuga asananenepe kwambiri. N'chifukwa chake China imawerengera kunenepa kuyambira pa BMI (muyezo woyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu) ya 24, ndipo 28 ndi kunenepa kwa matenda, pomwe muyezo wa WHO ndi 25 ndi 30. Munthu amadziyang'ana pagalasi n'kuti ine wochepa thupi chonchi shuga angandipeze bwanji.

Mayi a Tadala, Jinan:
A Dokotala mwangofotokoza bambo a kunyumba kuno ndendende kkkk.

Koma pali china chimene sindinanene. Apongozi anga ndi amene amaphika nyumba muno. Zimenezi zinawathandiza, chifukwa mphika uli m'manja mwawo. Mnzawo amene amavina naye madzulo pabwalo, m'magule a amayi akuluakulu aja amene amatsegula wailesi mokweza, anasamuka kumudzi kudzalera mdzukulu mumzinda. Amaphika zimene mwanayo ndi mpongozi amakonda, zotsekemera, zokazinga, ndipo iye amadya zotsala chifukwa sangataye. Kuti aphike mphika wakewake akuti aoneka ngati wodzikonda m'nyumba ya eni. Nthawi yopita kukayezetsa alibe, amaperekeza mwana kusukulu, ndipo inshuwalansi yake inalembetsedwa kwawo. Mayi ameneyu si kuti sadziwa. Amadziwa zonse, apongozi anga amamuonetsa kope lawo. Koma pa mndandanda wa anthu ofunika m'nyumbamo, iye anadziika kumapeto.

Nachisale, Changsha:
Izi zikundipweteka chifukwa mapepala athu amafunsa "inuyo mungathe?" ngati kuti munthu amadya yekha. Kuno chakudya chimaikidwa pakati, aliyense amatapa, ndipo kukuikira nyama m'mbale mwako ndi chikondi. Funso likanakhala lakuti "banja lanu lingathe?"

Chimwemwe, Harbin:
Kanene zimenezo m'kalasi. Koma ukanenenso za timapepala toyezera, usandiiwale.

Nabanda, Chengdu:
Ndipo za mapazi palibe watchulapo kupatula Nachisale poyamba paja. Pa zonse zimene odwala amafunsidwa, kumwa mankhwala ndi kumene ambiri amachita bwino, chifukwa adokotala alamula ndipo kumeza piritsi sikuvuta. Kuyeza shuga ndi kuyang'ana mapazi ndi kumene kumatsalira. Tsono kuno anthu amakonda kuviika mapazi m'madzi otentha asanagone, makamaka nyengo yozizira. Kwa munthu amene mitsempha ya kumapazi inafa dzanzi, madziwo amamuwotcha iye osamva. Chilonda chimayambira pamenepo. Kuyesa madzi ndi chigongono kapena kuuza wina akuyesere sikufuna ndalama, koma munthu amayenera kuuzidwa ndi kuonetsedwa.

Mayi a Tadala, Jinan:
Mayo ine, beseni limenelo lilipo nyumba muno usiku uliwonse. Kuyambira lero madzi ndiziyesa ndine.

A Phiri, Guangzhou:
Mayi a Tadala, musawayesere. Apatseni choyezera kutentha aziyesa okha, mwaiwala kale nkhani yanu ya phala? Kkkk. Nanga bambo a kunyumbawo anakayezetsa?

Mayi a Tadala, Jinan:
Kuntchito anawayeza chaka chatha, anawauza kuti ali m'malire, shuga wayamba kukwera koma sanafike pa matenda. Pepalalo analipinda n'kuliika m'galimoto. Akuti mayi awo ndi amene akudwala, iwo ali bwino, ndipo sangasiye maphwando a kuntchito. Chodabwitsa n'chakuti ndi omwewa amene ankakalipira mayi awo za phala.

Dokotala Mbewe, Lilongwe:
Amenewo ndi anthu a ku Daqing aja enieni, a m'malire. Kafukufuku wa 2013 anapeza kuti akuluakulu oposa 35 pa 100 ku China ali pamenepo. Musawakalipire, sizigwira. Apongozi anu ali ndi kamakina ndi kope. Tsiku lina bambowo akabwera kuphwando, mayi awo awapemphe chala.

Mayi a Tadala, Jinan:
Ameneyo angakane ine, koma mayi ake sangawakanire. Chikondwerero cha mwezi chayandikira, makeke a mwezi ayamba kale kulowa m'nyumba, mabokosi atatu ali pakhonde. Ndidikira adye imodzi yathunthu.

Nachisale, Changsha:
Mudzatiuze nambala yake. A Phiri, ndingagwiritse ntchito nkhani ya mnzanu wa acarbose m'kalasi, osatchula malonda ake kapena mzinda?

A Phiri, Guangzhou:
Gwiritsa, ali ambiri otero, sangadzizindikire. Ungoti munthu wina wamalonda. Ine ndikutuluka, kontena ikudikira ku Nansha ndipo sindinadye, shuga angandigwetse panjira.